Esinati Anakana Lumo

Ku Zambia ine sindinapite chifukwa cha njala ayi, ndinapita chifukwa cha mkwiyo. Ndinali nditalima fodya wa bale ngati tenanti pa esiteti ina ya kufupi ndi Mkanda, ndipo chaka chitatha ndinatuluka pageti ndi khasu lomwe ndinalowa nalo. Inali nthawi imene zipani zinali zitangoyamba kumene, aliyense akukweza zala m'mwamba n'kumaimba za ufulu, koma ufuluwo m'chigafa cha fodya unali usanafike. Ndiye atabwera munthu wofuna anthu odziwa fodya kuti akagwire ntchito pa famu ina yakutali, kupitirira Kabwe, sindinadikire kuti anene kawiri.

Tinanyamuka awiri, ine ndi Layitoni. Layitoni anali mkamwini m'mudzi woyandikana ndi wathu, munthu wamtali, wa mapewa otambalala ngati chitseko, wolankhula pang'onopang'ono moti womvera unkachita kufuna kumumalizira mawu. Mkazi wake, Esinati, anatiperekeza mpaka kudambo, mwana wawo Agnesi ali kumbuyo. Potsazikana anandikokera pambali n'kundiuza kuti mnzangayo ali ndi matenda amodzi, sadziwa kunama, ndiye ine amene Mulungu anandipatsa pakamwa popepuka ndizikamunamirako. Tinaseka tonse atatu.

Malire tinadutsa pa njira yathu ya masiku onse, yomwe timadzera popita kumaliro kwa abale athu a tsidya linalo. Mapepala tinalibe. Kwa munthu wa ku Mchinji malire ndi nkhani ya boma, ife timangodziwa kuti ukawoloka kamtsinje kakutikakuti ndalama yasintha nkhope. Ku Chipata tinakwera lole, ndipo tinayenda mpaka matako kuchita dzanzi, mpaka zolankhula za anthu a m'mbali mwa msewu kusiya kumveka.

Pa famupo tinkakhala kukomboni, m'tinyumba ta zidina tothithikana. Kunali Alala eni dera, Abemba, Atumbuka, ndi ife amene ankatitcha Anyasa. Ine anandiika pa balani. Fodya wa kumeneko ndi wa fulu, sauma ndi mphepo ngati wathu wa bale. Amamupachika m'balanimo, nyumba yaitali ya njerwa, iwe n'kumasonkhezera moto pang'anjo kunja kuti kutentha kuziyenda m'mapaipi. Ukamaiona ntchitoyo umati ndi ya alesi, koma ndi ukapolo weniweni. Moto ukaupitiriza tsamba likadali laliwisi, limauma lobiriwira; ukaulekerera, limada n'kuola. Balani ikayaka wosonkhezera sachokapo, kaya kwagwa maliro, kaya mkazi wako akuchira. Layitoni ndiye ankanditutira nkhuni, ndipo zipika zoti anthu awiri n'kuthandizana iye ankangoziponya paphewa.

Tinkagona nyumba imodzi, kudya mphika umodzi, nyemba za phoso lero, kapenta mawa, nyemba mkuja. Lamlungu iye ankakhala pansi pa mtengo kukonza njinga za anthu osalipiritsa, uku akuimba nyimbo za kutchalitchi ndi mawu oti ngakhale agalu ankasamuka. Tikalandira, zanga zina zinkasochera kumowa, koma iye ankamanga zake pakansalu n'kupatsira aliyense wopita kumudzi, pamodzi ndi sopo ndi shuga. Patapita nthawi anagula njinga ndi wailesi. Nthawi ina malungo anandigwetsa balani ili pakatikati, ndipo ndikanachotsedwa ntchito fodyayo akanawonongeka. Layitoni anandigoneka pathumba pambali pa ng'anjo, iye n'kumatuta nkhuni ndi kusonkhezera yekha, akundidzutsa pongofuna kufunsa ngati moto wakwana. Kwa eni kudyetsa nthanga dzungu ukulifuna, koma ukakhala ndi mnzako wotere nthangazo zimakoma.

Kenako kunabwera chaka cha chilala. M'midzi yozungulira chimanga chinapserera chisanamasule, pamene cha pa famu, chothiriridwa ndi madzi a damu, chinali chobiriwira ngati chikunyoza anthu. Chinayamba kubedwa. Mwini famu ananena kuti phoso la aliyense alidula mpaka wakuba apezeke, ndipo analidula ndithu. Munthu ukamuchepetsera ufa usamufunsenso za chifundo. Komboni yonse inasanduka mavu oputidwa.

Tsiku lakelo dzuwa linali paliwombo. Ndinamva mfuu kumunda yoti kawalala, ndiye kuti wakuba, ndipo anthu anathamangira komweko, amuna, akazi ndi ana omwe. Ine fodya anali pa nthawi yosintha mtundu, sindikanachoka. Phokoso linakula, kenako linazirala. Patapita kanthawi ndinaona Layitoni akudutsa kuseri kwa mabalani atabereka munthu kumsana, malaya ake ali magazi okhaokha. Ndinamuitana. Iye anangoti woyendetsa thirakitala wakana, akupita naye kuchipatala wapansi. Chipatalacho chinali kutali, kuseri kwa phiri.

Munthuyo dzina lake anali Mwape, wa m'mudzi wina wa Alala, ndipo anamugwira ndi chimanga chosafika n'theka la thumba lomwe. Anamwalira atangomugoneka pakhonde la chipatala. Pamenepo wina aliyense akanati ndikubwera, n'kulowa tchire, osaonekanso mpaka ku Chipata. Layitoni anakhala pansi pambali pa mtembo. Kwathu maliro sasiyidwa okha, ndipo abale a munthuyo anali asanamve. Anapempha nsalu n'kumufunditsa, n'kumaingitsa ntchentche. Apolisi anamupeza pomwepo.

Atabwera kukomboni, apolisiwo anapeza anthu oyera mtima okhaokha. Wina anali kuchimbudzi, wina anali ndi mutu, wina ankachapa. Kapitawo, amene anthu ankanong'onezana kuti ndiye anafika ndi mpini wa nkhwangwa, ananena kuti iye anangoona Mnyasa wamtali uja ali ndi ndodo. Eni dera anali ndi abale owabisa, Layitoni analibe ngakhale kapepala kosonyeza kuti m'dzikomo analowa bwanji. Atamufunsa ngati anamenya nawo, anavomera. Anati anamenya kamodzi pamsana ndi ndodo yopachikira fodya, munthuyo anatembenuka n'kumuyang'ana, ndipo dzanja lake silinakwerenso. Atamufunsa amene anamenya kumutu, anati sanaone, ndipo sangatchule munthu mongoganizira.

Ndinakamuona ali pa rimandi n'kumuuza kuti abweze mawu, anene kuti munthuyo anangomupeza ali thapsa m'munda. Ndinamukonzera bodza labwino, la mutu ndi miyendo yomwe. Anamvetsera mpaka ndinamaliza, kenako anandifunsa kuti nanga akanena zimenezo, ndiye kuti ndodo ija sinafike pamsana pa Mwape? Ndinatuluka nditapsa mtima, ndikumutukwana chamumtima njira yonse.

Mlandu unalowa m'khoti lalikulu patapita nthawi yaitali. Loya amene boma linamupatsa anakumana naye m'mawa wa tsiku lomwelo, pakhonde, atapanira kukhwapa milandu ya anthu ena yambirimbiri. Jaji sanali munthu wankhanza, ndisamunamizire. Anamufunsa Layitoni mobwereza ngati akumvetsa zimene akuvomerazo. Pomaliza anafotokoza kuti anthu akamenya munthu ndi cholinga chimodzi, aliyense amasenza imfa yonse, ndipo pa mlandu wakupha lamulo linali ndi chilango chimodzi chokha, iye sakanatha kuchepetsa ngakhale akanafuna. Anagamula kuti anyongedwe. Womasulira atamaliza kunena, Layitoni anawerama n'kuwomba m'manja pang'ono, monga timachitira akuluakulu akatha kulankhula.

Ine ndinakula ndikukhulupirira kuti wopha mnzake naye afe, ndipo mpaka lero ndikamva za achifwamba othyola nyumba n'kukhapa eni ake, mtima wanga umabwerera komweko. Koma tsiku limenelo ndinaona chingwe chikusankha khosi. Amene anamenya Mwape anali khamu, ndipo ena a iwo ndinakwera nawo lole imodzi pobwerera kufamu, akudya nzimbe. Chingwe chinawalumpha onsewo n'kukagwira amene anabereka wovulala, amene anakhala pa maliro, amene sananame.

Layitoni anamupititsa kundende yaikulu ya ku Kabwe, kumene amasungira oyembekezera kunyongedwa, kumene amati ku kondemu. Anandipempha kuti katundu wake ndikasiye kumudzi. Kwathu munthu akafika yekha atanyamula bulangete la mnzake amene anapita naye, safunikanso kutsegula pakamwa. Nditangotulukira ndikukankha njinga ya Layitoni, wailesi ndi bulangete zili pakaliyala, amayi a pamudzi anayamba kulira, ena akudzigwetsa pansi. Esinati anatuluka m'nyumba, anandipatsa mpando ndi madzi, n'kumva nkhani yonse osandidula mawu. Kenako anafunsa.

"Alamu, lero lino, pamene tikulankhula pano, ali moyo?"

"Ali moyo, alamu."

"Ndiye awa akulira ndani?"

Anadzuka n'kukawauza amayiwo mwaulemu kuti apite akaphike, pakhomo pake palibe maliro.

Mvula imeneyo ndinalimira kumudzi. Tsiku lina wailesi inanena kuti kundende ya ku Kabwe anyonga anthu angapo, koma maina sinatchule. Abale a Layitoni anakhala pansi. Sanali anthu oipa. Anati boma likanyonga munthu silibweza mtembo ndipo silitumiza uthenga; ngati mwana wawo wapita popanda womulira, mzimu wake uzingoyendayenda m'tchire la eni, mapeto ake ana ayamba kudwala. Ndiye kumudzi kwawo anakhuza maliro opanda mtembo. Anagona panja, anaimba, anafulula mowa, tsiku lake litakwana n'kumetana mitu. Mayi ake a Layitoni ndi achemwali ake anabwera kwa Esinati ndi lumo, kuti naye amete, pambuyo pake amusudzule, akhale womasuka kukwatiwanso. Umenewo ndi mwambo wachifundo, ndipo akazi ambiri amaulandira ndi manja awiri.

Esinati anamangitsa duku lake n'kukhala pakhomo. Apongozi ake anawagwadira bwinobwino, anawaphikira, koma mutu anakaniza. Atsibweni ake anamukalipira kuti akunyoza akuluakulu, akadali mtsikana, munda ukufuna mwamuna, ndipo pali bambo wina wa ngolo ndi ng'ombe amene wafunsa kale. Iye anayankha motsitsa mawu, akuyang'ana pansi.

"Ine ndikameta ndiye kuti ndamupha ndine. Boma likafuna limuphe lokha, ine sindilithandiza."

Zinamuvuta. Kuchitsime amayi ankadula nkhani akamuona. Ena ankati amutsempha mwana, ena ankati akungokakamira njinga ndi wailesi. Agnesi atadwala chikuku, anthu anati si zimenezo tinkanena zija. Mwanayo anachira, koma palibe amene anabwera kudzabweza mawu.

Ine pobwerera kuntchito ndinayamba ndadzera kundende. Anandidikiritsa padzuwa, kenako ndinangoona chimunthu chija chikubwera kuseri kwa waya, chitaonda, koma chamoyo. Anandiuza za m'mawa umene anatenga anzake aja. Zitseko zinkatsegulidwa chimodzichimodzi, mapazi akuyandikira, n'kupitirira chitseko chake. Anati kuyambira pamenepo mapazi alionse a m'mawa amamuumitsa malovu. Ndinamuuza kuti kwawo amulira kale ndipo anthu ameta. Anandifunsa ngati anthu anabwera ambiri.

Uthenga woti ali moyo unafika kumudzi tsitsi la abale ake litayamba kumera. Manyazi anawagwira, koma atsibweni a Esinati anati zili chimodzimodzi, wa ku kondemu ndi mtembo woyenda, akapanda kumutenga lero amutenga mawa.

Nditapitanso kumudzi pa tchuthi, Esinati anandifunsa chinthu chimene ife tonse, amuna a ndevu zathu, sitinachiganizeko. Anafunsa ngati panapita munthu kukapepesa maliro kwa abale a Mwape. Ndinati ayi, mwini famu sanapite, kapitawo sanapite, ife a kukomboni tinkaopa n'kudzera komwe kumudziko. Anapukusa mutu. Anati boma lili ndi mlandu wake, koma kuli mayi amene mwana wake anafera m'manja mwa mwamuna wake, ndipo palibe amene anakamugwadira. Ndinamuuza kuti Alala akatikhapa. Anati palibe kanthu, ine ndikangomulozera njira, kenako ndikabisale.

Mawu amenewo anandilasa, ndiye ndinapita. Anasinja ufa, anagula nsalu yatsopano, nkhuku tinagula titayandikira. Esinati, munthu amene anali asanapitirirepo Chipata, anakhala pa lole ulendo wonse ufa uli pamiyendo, osadandaula ngakhale kamodzi, pamene ine wozolowerane ndinkangosunthasuntha.

Mayi ake a Mwape, amene kumeneko ankawatcha bana Mwape, tinawapeza akuyanika chinangwa pathandala. Anali mayi wochepa thupi, wa maso ofiira ndi utsi. Esinati anatula katundu kumapeto kwa bwalo n'kuyenda ndi mawondo mpaka pafupi nawo. Ine ndinali womasulira, popeza chilankhulo chawo ndinali nditachitola pabalani.

"Auzeni kuti ine ndine mkazi wa munthu amene anamenya nawo mwana wawo. Sindinabwere kudzakana. Ndabwera kudzapepesa maliro, ndachedwa."

Ndinamasulira. Mchimwene wake wa Mwape anatulukira kuseri kwa nyumba ali ndi mpini m'manja, ndipo ine maso anayamba kufunafuna tchire lapafupi. Mayiwo anamuuza mawu amodzi okha, iye n'kukhala pansi. Kenako mayiwo anati iwo anangouzidwa kuti mwana wawo waphedwa ndi Mnyasa, basi. Mtembo anakautenga kuchipatala, koma kuti kuchipatalako unafika bwanji, palibe anawauza. Ndinawafotokozera zimene ndinaona ndi maso anga ndili pang'anjo. Nkhuku anaikana, ufa anaukana, nsalu sanaiyang'ane n'komwe. Anati akufuna akaone kaye munthu amene anabereka mwana wawoyo.

Tinapita atatu. Layitoni atatulukira kuseri kwa waya n'kuona mkazi wake, anasendera pafupi ndi wayawo, koma Esinati anabwerera m'mbuyo n'kusendeza mayi aja kutsogolo. Nthawi yoonera anthu a ku kondemu ndi yochepa kwambiri, ndipo iye anali atatha zaka osamuona mwamuna wakeyo. Ndaona anthu olimba mtima m'moyo mwanga, koma kubwerera m'mbuyo kumeneko ndimakuganizabe mpaka lero.

Bana Mwape anafunsa ngati anamumenya mwana wawo. Anati inde, kamodzi, pamsana. Anafunsa zimene Mwape ananena panjira. Layitoni anafotokoza mwa kulankhula kwake kochedwa kuja, ine ndikumasulira. Anati Mwape anapempha madzi, ndipo iye anamutsitsa pakamtsinje n'kumumwetsa ndi manja. Anati chimangacho ankatengera mkazi wake amene anali atangochira, mkaka sunkatuluka. Atayandikira chipatala anamuuza kuti, nditsitse upumeko, watopa. Amenewo ndiwo anali mawu ake omaliza.

Mayiwo anagwira waya ndi zala zonse, misozi ikungotsika. Kenako anamasula kamtolo kawo n'kutulutsa chinangwa chootcha ndi mtedza zimene anatenga ngati kamba wa paulendo, n'kupereka kwa msilikali wa ndende kuti apatsire Layitoni. Mayiwo anamugwira msilikaliyo mkono wa yunifolomu osamusiya.

"Mwana anafayo ndi wanga. Uyu musamuphe. Mukamupha, atsala ndani amene anamva mawu a mwana wanga?"

Msilikaliyo anayankha mwaulemu kuti zimenezo si za iye, n'za akuluakulu a ku Lusaka. Mayiwo anati a ku Lusakawo iwo sawadziwa, iye amene amavala zovala zawo akawauze. Pamenepo m'pamene ndinazindikira kuti pa mlandu wonsewo, kuyambira kupolisi mpaka kwa jaji, palibe amene anawafunsapo mayiwo kuti mtima wawo ukuti chiyani.

Esinati anatsala ndi kanthawi kochepa. Anamuuza mwamuna wake kuti Agnesi wayamba sukulu, denga anafolera, njinga ili bwino koma tcheni chimadumpha. Layitoni anamvetsera, kenako anati popeza abale analephera, amusudzula yekha pomwepo, akakwatiwe, asakalambire munthu wa kumanda.

"Ukwati sathetsera pa waya," anatero Esinati. "Mukadzatuluka mudzanene zimenezo pamaso pa ankhoswe, ndidzamva."

Titabwerera kumudzi kuja bana Mwape analandira ufa ndi nsalu, nkhuku n'kutiphera ife tomwe. Pambuyo pake ndinamva kuti wansembe wina woyendera akaidi anakawapeza, ndipo mayiwo anabwereza mawu omwe aja. Ngati mawuwo anakafika kumene ankayenera kufika, sindikudziwa, ndipo pa nkhani iyi sindifuna kunama.

Zaka zinapita. Ine ndinasintha mafamu mpaka utsi wa pang'anjo unandilowa m'chifuwa, ndiye ndinabwerera kwathu. Ndinapeza ana anga akundipatsa moni ngati mlendo wa kutchalitchi, dimba langa akulima mlamu wanga, mkazi wanga akudziwa za mbewu zatsopano ndi misika kuposa ine. Esinati ndinamupeza akupalasa njinga yachimuna ija kupita ku Boma kukagulitsa mtedza, anthu atatopa kumuseka. Akakolola ankapatula kathumba, wina akamapita chakumeneko n'kupatsira bana Mwape. Apongozi ake atamwalira, omwe aja anabwera ndi lumo, ndi iye amene anatunga madzi ndi kuphikira adzukulu. Koma amayi anzake ankadabwa chinthu chimodzi. Pamaliro alionse ankagwira ntchito, ankaimba, koma kulira mokweza sankalira. Mkazi wanga atamufunsa, anati akangoyamba, mtima wake uyesa kuti akulira Layitoni.

Ku Zambia kunalowa mtsogoleri amene ankati iye sasainira kunyonga munthu, ndipo tinamva kuti ambiri a ku kondemu awasinthira chilango kukhala cha moyo wonse m'ndende. Kuno kwathu nakonso wailesi inayamba kunena kuti jaji azipatsidwa mpata woyeza mlandu uliwonse pawokha. Pabawo tinkakangana nazo mpaka kuiwala kuti akusewera ndani. Anzanga ankati akupha achuluka, chingwe chibwerere. Ine ndinkawafunsa kuti chingwecho chidzadziwa bwanji amene anamenya kumutu, iwo n'kumati ndinapenga ndi utsi wa fodya wa azungu.

Uthenga unabwera nthawi yokumba mtedza, woti Layitoni ali m'gulu la amene akhululukidwa chifukwa chokhalitsa ndi kudwala, ndipo amusiya pachipata cha malire. Tinapita kukamudikira ku depoti ya ku Boma, ine, Esinati ndi Agnesi, amene tsopano anali ndi wake mwana kumbuyo. Minibasi zinabwera, zinapita. Chakumasana anatsika pa galimoto ina yochokera kumalire, atanyamula kajumbo. Mapewa aja anali atagwa, mutu uli mbuu, ndipo poyenda ankayang'ana pansi ngati akudikira kuti wina amuuze poima.

Esinati anagwada pafumbi n'kumupatsa moni ngati wangochokera kumunda. Agnesi anamuonetsa mdzukulu. Iye anagwira kaphazi ka mwanayo, anatiyang'ana tonse, ndipo funso lake loyamba linali la bana Mwape, kuti ali bwanji. Esinati anamuuza kuti anatisiya mvula yathayi, ndipo iye anamva mochedwa, sanathe kupita.

Layitoni anakhala pansi pomwepo, pakati pa minibasi, n'kuika nkhope m'manja. Anayamba kusisima ngati mwana. Esinati anamuyang'ana, anamugwira phewa, analigwiranso ngati akufuna kutsimikiza kuti ndi thupi la munthu, kenako anaika manja kumutu. Kulira kumene kunatuluka m'kamwa mwake ine sindinakumvepo pamaliro alionse. Amayi ogulitsa nthochi anasiya malichero awo n'kubwera kudzakhala naye pansi, ena n'kuyamba kumuthandiza kulira osadziwa n'komwe nkhani yake. Kondakitala wina anasiya kuitanira anthu a ku Lilongwe, anavula chipewa n'kundiyandikira.

"Pepani bambo. Watisiya ndani?"

Ndinangomulozera Layitoni.

"Palibe," ndinatero. "Uyu wabwera."